Roger Corman: mkulu wa makanema otchipa amene analuza kamodzi n'kusintha njira

Kumapeto kwa Disembala 1959, mu situdiyo ina yaing'ono ku Hollywood munali zipinda zojambuliramo kanema zomwe ntchito yake inali itatha, zikungodikira kugwetsedwa. Roger Corman anapempha kuti asazigwetse msanga. Mnzake Charles B. Griffith analemba nkhani mothamanga, ochita sewero anayeserera masiku atatu, kenako makamera awiri anayamba kujambula nthawi imodzi. Patatha masiku awiri ndi usiku umodzi, mbali yaikulu ya The Little Shop of Horrors inali itatha. Ndi nkhani ya mnyamata wogwira ntchito m'sitolo ya maluwa amene akulera chomera chomwa magazi a anthu. Muli kachigawo ka mnyamata wina wopita kwa dokotala wa mano chifukwa chokonda ululu, ndipo amene anasewera pamenepo ndi Jack Nicholson, ali ndi zaka 22, asanadziwike ndi aliyense. Kanema yense anadya ndalama pafupifupi madola 30,000.

Corman anabadwa pa 5 Epulo 1926 ku Detroit, nakulira ku California. Ku yunivesite ya Stanford anaphunzira uinjiniya, ndipo atamaliza mu 1947 anapeza ntchito pa kampani ya mainjini a magetsi, koma anaisiya patangotha masiku anayi. Anakalowa ku 20th Century Fox monga mesenjala, kenako anam'kweza kuti aziwerenga nkhani zomwe olemba amatumiza. Maganizo amene anapereka pa kanema wa The Gunfighter anagwiritsidwa ntchito, koma dzina lake silinaoneke paliponse, choncho anachoka. Uinjiniya uja sunam'choke m'mutu. Moyo wake wonse ankaona kanema ngati ntchito yowerengera: masiku angati, anthu angati, kamera iime pati kuti isasunthidwe kawiri.

Nthawi imene ankayamba inamuyanja. M'zaka za m'ma 1950 wailesi ya kanema inali italowa m'nyumba zambiri ku America, ndipo makolo anasiya kupita kokaonera kanema. Otsala anali achinyamata okhala ndi kandalama m'thumba ndi galimoto ya bambo awo. Iwo ankadzaza mabwalo apanja oonerako kanema uli m'galimoto, omwe pofika 1958 analipo oposa 4,000. Makampani akuluakulu sankawalabadira anawa. James H. Nicholson ndi Samuel Z. Arkoff, eni American International Pictures, ndiwo anawaona. Kawirikawiri ankayamba ndi dzina la kanema ndi chithunzi chotsatsira, chilombo chitanyamula mtsikana, ndipo eni mabwalo akachikonda m'pamene ankafuna wolemba nkhani. Corman anawagulitsa The Fast and the Furious, kanema wa mipikisano ya magalimoto, n'kugwirizana nawo kuti azim'patsiratu ndalama za kanema wotsatira. Mu 1955 anayamba kutsogolera yekha ndi Five Guns West, ndipo posakhalitsa ankatulutsa makanema angapo chaka chimodzi, a nkhanu zikuluzikulu zodya anthu, a zigawenga, a zolengedwa zochokera kumwamba.

Kenako anauza Arkoff ndi Nicholson kuti m'malo mwa makanema awiri akuda ndi oyera, am'patse masiku 15 apange mmodzi wamitundu, kuchokera pa nthano ya Edgar Allan Poe. Arkoff anafunsa kuti chilombo chili kuti m'nkhaniyo, Corman n'kuyankha kuti chilombocho ndi nyumbayo. House of Usher wa 1960, momwe munasewera Vincent Price, anapindula kwambiri, ndipo pofika 1964 makanema a mtundu umenewu anakwana 8. Ngakhale apa, dzanja lake linali louma. Moto utawononga tchire kumapiri a ku Hollywood, iye anathamangirako ndi hatchi ndi kamera kukajambula chiyambi cha kanemayo pa mitengo yopserera. Atamva za khola lakale lomwe linkafuna kugwetsedwa, analitentha uku akujambula, ndipo denga lomwelo likuoneka likugwa m'malawi kumapeto kwa makanema ake angapo.

Pakati pa chipambano chimenechi m'pamene anapanga kanema amene ine ndimamuona kuti ndiye woposa onse. Khoti lalikulu la America linali litagamula mu 1954 kuti kulekanitsa ana akuda ndi azungu m'sukulu n'kosemphana ndi malamulo, koma kum'mwera kwa dzikolo azungu ambiri ankakana. The Intruder, wochokera m'buku la Charles Beaumont, akunena za mzungu wovala suti yoyera, wolankhula mokoma, amene afika m'tauni ina sukulu itatsala pang'ono kulandira ana akuda, n'kuyamba kusonkhezera chidani mpaka khamu kufuna kupha mwana wosalakwa. Makampani amene ankalandira chilichonse cha Corman anakana kuikapo ndalama. Iye ndi mng'ono wake Gene anaika zawo, mpaka kupinyolitsa nyumba.

Anakajambula mu 1961 m'matauni ang'onoang'ono a kum'mwera chakum'mawa kwa Missouri, monga Sikeston ndi Charleston, komwe tsankho lomwelo linali la tsiku ndi tsiku. William Shatner, amene pambuyo pake anatchuka ndi Star Trek, ndiye anasewera ngati mlendo uja. Khamu lomwe likuoneka pabwalo la khoti likumvetsera iye akulalata ndi anthu enieni a m'deralo, ndipo nkhope zawo n'zoopsa kuposa chilombo chilichonse chimene Corman anaumbapo ndi labala. Anthu atazindikira mbali imene kanemayo waima, ziopsezo zinayamba kubwera, ndipo apolisi ankawathamangitsa pamalo ena. Ana akuda amene akuoneka akuyenda kupita kusukulu pakati pa maso audani nawonso anali a komweko, ndipo gulu lojambula litanyamuka iwo anatsala pakati pa anthu omwewo.

Olemba nkhani anamuyamikira kanemayo atatuluka mu 1962, koma anthu sanapite kukamuonera. Kanali koyamba kuti Corman aluze ndalama. Anayesa kum'tulutsanso ndi mayina ena okoka maso, osaphula kanthu. Iye mwini ankanena poyera phunziro limene anatolapo: kuyambira pamenepo, zosangalatsa ziziyenda pamwamba, ndipo ngati ali ndi uthenga aziubisa pansi. Apa ndimamumvera chisoni ndiponso ndimamudandaula. Munthu amene ankatha kumaliza kanema m'masiku awiri akanatha kupirira kuluza kwina kamodzi kapena kawiri. Anasankha kusabwererako, ngakhale kuti The Wild Angels wa 1966, wonena za magulu a anyamata a njinga zamoto, ndi The Trip wa 1967, wonena za mankhwala a LSD, ankasonyeza kuti maso ake akuonabe zimene zikuchitika m'dziko.

Atakwiya ndi momwe American International Pictures ankadulira makanema ake iye osadziwa, mu 1970 anatsegula kampani yake, New World Pictures, ndipo chaka chotsatira anasiya kutsogolera yekha kujambula kwa zaka zambiri. Ntchito yake tsopano inali yopeza achinyamata anjala, kuwapatsa kamera ndi masiku ochepa, n'kuwalipira pang'ono zedi. Anali atayamba kale zimenezi ndi Francis Ford Coppola pa Dementia 13 ndi Peter Bogdanovich pa Targets. Martin Scorsese anam'pangira Boxcar Bertha mu 1972, Jonathan Demme anayamba ndi Caged Heat mu 1974, Ron Howard ndi Grand Theft Auto mu 1977, ndipo James Cameron ankapanga tizombo ta mumlengalenga pa Battle Beyond the Stars mu 1980. Malamulo anali odziwika: pasadutse nthawi yaitali popanda ndewu, kuthamangitsana kapena thupi lovula, ndipo ndalama zisapyole. Kupatula apo, mwana anali ndi ufulu woyesa zake. Kampani yomweyo ya New World ndi imene inkagawa ku America makanema olemekezeka a Ingmar Bergman, Federico Fellini ndi Akira Kurosawa, mpaka Cries and Whispers wa Bergman kuonetsedwa m'mabwalo a magalimoto aja.

Otamanda Corman amakonda kukumbutsa kuti ankalemba ntchito akazi pamene makampani akuluakulu ankawatsekera zitseko, ndipo n'zoona. Stephanie Rothman anatsogolera The Student Nurses, ndipo Gale Anne Hurd, amene pambuyo pake anayendetsa ntchito yopanga The Terminator, anayambira muofesi ya Corman. Koma phindu lalikulu la New World linkachokera pa matupi a akazi: anamwino ovula, akaidi achikazi ozunzidwa m'makanema ojambulidwa ku Philippines monga The Big Doll House. Mu 1980 Barbara Peeters atamaliza Humanoids from the Deep, Corman anaona kuti kanemayo sakukwana, n'kutuma anthu ena kukajambula zigawo zoonjezera za zilombo zikugwiririra akazi. Peeters anazitsutsa poyera ndipo anapempha kuti dzina lake lichotsedwe, koma silinachotsedwe. Mwayi umene mayiyu anapatsidwa ndi chipongwe chimene anachitiridwa zinachokera kwa munthu mmodzi, ndipo zonse ziwiri zinayendera chiwerengero cha ndalama.

Msika wake unayamba kuchepa pamene makampani akuluakulu anatengera njira yake. Jaws wa 1975 anali kanema wa chilombo chodya anthu, wopangidwa ndi mamiliyoni, ndipo achinyamata anakhamukira kumeneko. Corman anagulitsa New World mu 1983, n'kutembenukira ku matepi a vidiyo, kenako ku wailesi ya kanema, komwe mu 2010 anatulutsa Sharktopus, chilombo chophatikiza shaki ndi okutopasi. Mu Novembala 2009 analandira Oscar yaulemu, atapanga makanema mazanamazana. Anamwalira kunyumba kwake ku Santa Monica pa 9 Meyi 2024 ali ndi zaka 98, n'kusiya mkazi wake Julie, amene anakwatirana naye mu 1970 ndipo ankagwira naye ntchitoyi.