Fumbi la ku Mayfair: zotayika m'fakitale zimathera m'mapapo a wantchito

Mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala ikayamba kuwomba mu Johannesburg, anthu a ku Mayfair, Crosby ndi Riverlea amadziwiratu chimene chikubwera. Fumbi lotuwa limatera pamawindo, pa zovala zoyanika, ngakhale m'mbale. Limachokera pa milu ya mchenga ya cha ku Crown Mines, imene mlendo amaiyesa mapiri. Ndi zotsalira za miyala yomwe ankapera pofuna golide, kuyambira mu 1886 pamene golideyo adapezeka pa Langlaagte, chapafupi pomwepa. Eni migodi ankawerenga golide wotuluka tsiku ndi tsiku, koma zotayazo sankaziwerenga. Lero akuzipuma ndi ana amene sanauonepo mgodi.

Nkhaniyi ndi yathunso ife Amalawi. Azigogo athu adabwera kuno kudzagwira ntchito m'migodi pa Wenela ndi Teba, ndipo ambiri adabwerera kumudzi ndi chifuwa chosatha. Matendawo ndi silikosisi. Tifumbi ta mwala, tosaoneka ndi maso, timalowa mpaka kumapeto kwa mapapo n'kusiyamo zipsera. Mapapo amauma, munthu amayamba kubanika akangoyenda pang'ono, ndipo TB imamugwira mosavuta. Mankhwala ochizira palibe. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg lidavomereza chipukutamisozi cha R5 biliyoni kuchokera ku makampani asanu ndi imodzi a golide, chomwe chikuperekedwa kudzera ku Tshiamiso Trust. Ndalamayo idafika ambiri mwa odwalawo atagona kale kumanda.

Amalawi okhala ku Mayfair ndi Fordsburg masiku ano ambiri salowa pansi. Amagwira m'timafakitale ta ku Amalgam, Industria ndi Selby: kusoka, kuphika buledi, kuwotcherera, kupopera penti magalimoto, kudula miyala yoika pamwamba pa makabati a kukhitchini. Funso lake silinasinthe. Kodi zimene fakitale ikutaya zikupita kuti, ndipo akuziwerenga ndani?

Akatswiri a za mafakitale ali ndi njira yomwe idatchuka ndi kampani ya Toyota ku Japan, yotchedwa kaizen. Antchito amaima pamodzi mphindi zochepa ntchito isanayambe, wina amatchula chimene chidavuta dzulo, amagwirizana chochita, mawa lake amaona ngati chatheka. Ku Toyota wantchito wamba ali ndi mphamvu zokoka chingwe n'kuimitsa makina akaona cholakwika. Kwa zaka zambiri misonkhano yotereyi inkangokamba za liwiro, katundu wowonongeka ndi ndalama. Chimene chikulimbikitsidwa tsopano n'chakuti pa bolodi la misonkhanoyi pazilembedwanso magetsi, madzi, zinyalala, utsi ndi fumbi, m'malo mosiyira nkhani za chilengedwe munthu mmodzi wa mu ofesi amene amalemba lipoti kamodzi pachaka. Muyezo wa ISO 14001, monga adaukonzera mu 2015, umafuna zomwezo: kusamala chilengedwe kulowe mu ntchito yeniyeni ya kampani. Ku South Africa kuli bungwe la National Cleaner Production Centre, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2002, chaka cha msonkhano waukulu wa chitukuko chosawononga chilengedwe umene udachitikira mu Johannesburg momwemu. Ntchito yake ndi kuthandiza mafakitale kupeza pamene akutayira magetsi, madzi ndi zipangizo.

Tengani kompuresa, makina opopa mpweya amene amapezeka pafupifupi m'shopu iliyonse ya penti ndi matayala. Nthawi ya nkhomaliro makina ena onse akazima, tcherani khutu. Mumva kuti "sii" penapake m'mapayipi. Umenewo ndi mpweya wothawa, ndipo kompuresa imadzilizanso yokha kuti ibwezeretse. M'fakitale yosasamalidwa, mpweya wotayika motere umatha kufika 20 mpaka 30 pa 100 iliyonse. Kupeza pobowoka sikufuna injiniya: pakani madzi a sopo molumikizira mapayipi, potuluka thovu ndi pomwepo. Mukatseka, bilu ya magetsi imatsika, malasha owotchedwa ku Mpumalanga amachepako, phokoso nalo limachepa. Phokosotu si nkhani yaing'ono. Likamafika madesibelo 85 tsiku lonse, makutu amagontha pang'onopang'ono ndipo sabwereranso. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati muyenera kukuwa kuti mnzanu woima pafupi akumveni, malowo aonjeza.

Palinso chizolowezi chimene chimandiwawa kuona: anyamata poweruka amatenga payipi ya kompuresa n'kumadzichotsa fumbi pa ovolosi. Fumbi lomwe lidatera kale limaulukanso n'kulowa m'mphuno, mwina ndi tizitsulo m'maso. Kusesa pouma kumachita zomwezo. Kuwaza madzi kaye, kapena kudula mwala madzi akuthirira pa chodulira, kumagwetsa fumbi lisanafike pamphuno, ndipo madziwo akhoza kudikha m'diramu n'kugwiranso ntchito. Miyala yopanga ya m'makhitchini ndiyo yoopsa zedi, moti dziko la Australia lidailetsa kuyambira mu Julayi 2024 ataona achinyamata oidula akudwala silikosisi patangopita zaka zochepa. Kansalu komanga pakamwa sikatchinga fumbi limeneli. Chimodzimodzi chitini cha thinala chosiyidwa chosavundikira: zomwe zikuuluka ndi ndalama za bwana, koma mutu wowawa ndi chizungulire ndi za wopenta.

Za madzi sitichita kufotokozerana. Okhala cha ku Brixton, Crosby ndi Mayfair West akhala akugona ndi mipope youma kangapo m'zaka zapitazi, mpaka zipatala za Helen Joseph ndi Rahima Moosa zidakhudzidwapo. Payipi yosiyidwa ikuthira pabwalo la fakitale ikumwa m'thanki imodzi ndi wodwala.

Koma apa m'pamene pagona nkhani. Njira yonseyi yatsamira pa pakamwa pa wantchito. Amene amadziwa podontha, ponunkha ndi potentha ndi iye amene amaima pa makinawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osati mlangizi wobwera ndi kompyuta. Tsono m'bale wathu wa ganyu, amene mapepala ake adatha, anganene bwanji kwa kapitawo kuti utsi wa jenereta ukulowa mkati, podziwa kuti pageti pali ena khumi ofuna malo ake? Amangoti zii, n'kumakhosomolera kunyumba. Bwana amene amaopseza antchito ake amadzitsekera yekha maso ndi makutu, ndipo satifiketi yopachika mu ofesi siimuuza pamene ndalama zake zikuthawira. Ine sindikhulupirira kampani yodzitama kuti imasamala chilengedwe pamene antchito ake amaopa kutsegula pakamwa.

Lamulo lilipo. La chitetezo ndi umoyo pantchito la mu 1993 limakakamiza wolemba ntchito kuchotsa kapena kuchepetsa choopsa kaye, asanathamangire kugawa zovala zodzitetezera, ndipo pamalo pa antchito oposa 20 payenera kukhala woimirira anzake pa za chitetezo. Mu 2008 khoti la za ntchito lidagamulanso kuti mlendo amene chilolezo chake chidatha ndi wantchitobe pamaso pa lamulo.

Inu eni mashopu, perekani mphindi khumi m'mawa kuti antchito anene zimene aona, ndipo wonena asadzudzulidwe. Inu abale ogwira m'fumbi ndi m'penti, chifuwa chikapitirira milungu iwiri, kapena mukamatuluka thukuta usiku ndi kuwonda, pitani ku kiliniki ya boma. Kuyezetsa ndi mankhwala a TB n'zaulere. Mukafika, auzeni anamwino ntchito imene mumagwira ndi zaka zimene mwaigwira.