Nsomba ya bass m'damu la Chicamba

MANICA — Abale a ku Angónia ndi Tsangano, mukafika ku damu la Chicamba pa mtsinje wa Revué mudzapeza nsomba yaikulu kukamwa yotchedwa bass, yochokera ku America. Musatenge kabango pokaiwedza. Ikangomva mbedza imathawira m'mitengo yomira, ndipo ndodo yofewa singaikoke. Nsungwi yokhwima ya mamita 2 kapena 3 ikwanira.

Mu Juni ndi Julaye imatsikira pakuya, nyambo nkumaidya mwaulesi. Seputembala ndi Okutobala imabwera m'mbali kudzaikira mazira, yaimuna nkutsala kulondera chisa. Pamenepo imaluma chilichonse choyandikira. Koma mukaivuula, nsomba zina zimatha mazirawo. Ine ndingaibwezere m'madzi. Kukatentha, ponyani mbedza mbandakucha pafupi ndi zitsa.