Nyamakazi Yodza ndi Zigamba za Pakhungu

Anzathu a m'koperativa, khasu lifuna manja. Nkhafi ndi khoka nazonso zifuna manja. Lero tiphunzira za nthenda imene imaononga zala ngati tiichedwera.

Kawirikawiri nthendayi imayamba pakhungu. Pazigongono, pamaondo kapena m'mutu pamatuluka zigamba zouma, zokhala ndi mamba otuwa ngati a nsomba. Zimayabwa. Ku chipatala amazitchula m'Chipwitikizi kuti psoríase. Mwa anthu 10 amene ali ndi zigambazi, pafupifupi 3 amadzadwalanso nyamakazi m'mfundo za mafupa. Nyamakazi imeneyi ndiyo artrite psoriática.

Kodi ndi khate? Iai. Chigamba cha khate chimachita dzanzi, ukachikhudza sumva. Si chipere, si mphere. Si ufitinso. Chimachitika nchakuti asilikali a m'thupi amasokonezeka nayamba kumenyana ndi khungu ndi mfundo za mwini wake. Sipatsirana. Idyani naye nsima mbale imodzi, musamsale.

Zizindikiro zake ndi izi:

1. Chala chonse chitupa ngati nthochi.
2. Mamawa mfundo ziuma kupitirira mphindi 30, koma ukayamba kuyenda zimasukako.
3. Chidendene kapena msana upweteka.
4. Zikhadabo zichita timaenje kapena kutukuka.

Mukaona zotere, musadikire kuti muthe kukolola. Pitani ku chipatala cha ku Metangula. Akaona kuti nkofunika, adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha ku Lichinga. Aonetseni khungu ndi mfundo zomwe, pakuti ambiri amanena za ululu wokha nabisa zigamba. Diso likafiira ndi kupweteka, pitani tsiku lomwelo. Yezetsaninso HIV, chifukwa kachilomboka kamakulitsa zigambazi.

Mankhwala ochiziratu kulibe, koma oigonjetsa alipo. Ibuprofen amachepetsa ululu ndi kutupa. Imwani mutadya. Wa zilonda za m'mimba kapena mai wapakati ayambe wafunsa namwino. Koma ibuprofen saletsa mfundo kuonongeka. Oteteza mfundo ndi ena, monga methotrexate, amene amalemba ndi dotolo yekha. Mvetsani bwino apa: methotrexate amamwa KAMODZI PA SABATA, osati tsiku ndi tsiku. Kumwa tsiku ndi tsiku kungaphe munthu. Amagwira ntchito pang'onopang'ono, patapita masabata angapo, tsono musataye mtima. Wakumwa mankhwalawa aleke mowa ndipo aziyezetsa magazi, kuti aone ngati chiwindi chili bwino. Mai wapakati, woyamwitsa kapena wofuna kutenga mimba asamwe.

Musagule mapiritsi a nyamakazi pamsika. Musateme mphini, chifukwa pa bala pangatuluke chigamba china.

Kunyumba chitani izi. Dzolani Vaseline pazigamba mukasamba. Mamawa viikani manja m'madzi ofunda, kenaka pindani ndi kuongola zala. Sambirani m'nyanja pamalo osaopsa, madzi amapeputsa thupi. Kulungani nsanza pa mpini wa khasu kuti ukule, zala zisafinyike. Lekani fodya.

Nanga ife a koperativa titani? Mnzathu akatupa manja, tisamuike pa khoka. Timpatse ntchito yopepuka, monga kuyang'anira usipa pathandala kapena kulemba m'buku. Tsiku la chipatala timperekeze. Chala chikapindika sichiongokanso, choncho tithamange chisanapindike.

Mafunso

1. Kodi nthendayi imasiyana bwanji ndi khate?
2. Methotrexate amamwa kangati pa sabata?
3. Ndi ntchito ziti zopepuka zimene zili m'koperativa yanu?