Nyanja ikagona pakati pa chisanu, musafulumire kukankha bwato

Ku Msumba, Juni ndi Julayi ndi miyezi ya chisanu. M'mawa ana amawotha moto asanapite kusukulu. Panyanja pamakhala mwera, mphepo yozizira yochokera kummwera. Mafunde amakula, ndipo asodzi ambiri amakhala pagombe n'kumasoka maukonde.

Kenako pamabwera tsiku lina lachilendo. Mphepo yaleka. Kunja kwafunda ngati chisanu chatha. Nyanja yagona, ili phee. Kunyumba ndiwo zatha, ndalama palibe, ndipo usipa uli pomwepo. Msodzi aliyense amaganiza zokonza nyali ndi chilimira kuti usiku alowe pamadzi.

Tsiku lotere likhoza kupusitsa munthu. Mwera suwomba mofanana masiku onse. Umapuma, kenako umabweranso ndi mphamvu, nthawi zina usiku, anthu ali kutali ndi gombe.

N'chifukwa chiyani mwera umaopsa?

Nyanja yathu ndi yaitali. Kuchokera kummwera kufika kumpoto ndi makilomita oposa 500. Mwera umayenda motsata kutalika kumeneku. Pamadzi palibe phiri kapena nkhalango yoti iutchinge. Choncho mafunde amanka nakula mphepo ikamapita kumpoto.

Ngakhale sitima yachitsulo ikhoza kugonja. Pa 30 Julayi 1946, sitima yotchedwa Vipya inakumana ndi mkuntho kumpoto kwa nyanja, pafupi ndi Chitimba, kumbali ya Malawi. Inali sitima yatsopano. Inagubuduka n'kumira, ndipo anthu 145 anafa. Izi sizinachitike m'dzinja. Zinachitika pakati pa chisanu. Ngati sitima inamira, nanga bwato losema lingalimbe bwanji?

Mpweya umene umabweretsa mwera umachokera kunyanja yamchere ya Indian, ndipo nthawi zina umadza ndi mitambo ndi mvula yowaza. Ku Malawi nyengo imeneyi amaitcha chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone, lomwe lili m'chigawo cha Zambézia, kuno kwathu ku Mozambique. Mvula yotere siigwetsa nyumba, koma imapeza anthu atayanika usipa pathandala ndi makaka pamwala. Usipa ukanyowa umaola, ndipo mtengo wake umagwa.

Kwina chisanu chimabweretsa chigumula

Kumaiko ozizira kwambiri, tsiku lofunda pakati pa chisanu limabweretsa tsoka la mtundu wina. Kumeneko kumagwa chipale chofewa. Amenewa ndi madzi oundana, oyera ngati ufa, amene amaunjikana pansi ndi pamadenga kwa milungu yambiri. Kukafunda mwadzidzidzi, ndiponso mvula n'kugwa, chipalecho chimasungunuka nthawi imodzi. Nthaka imakhala youma gwa ndi kuzizira, moti siimwa madzi. Madzi onse amathamangira kumitsinje.

Zotere zinachitika mu Januwale 1996 ku Pennsylvania, m'dziko la America. Chipale chinali chitagwa chambiri. Kenako kunabwera mphepo yofunda ndi mvula yamphamvu. Mtsinje wa Susquehanna unasefukira, ndipo mumzinda wa Harrisburg unakokolola mbali ina ya mlatho wakale. Anthu anafa, ena anathawa m'nyumba zawo.

Ku Lago kulibe chipale. Koma nkhani ya madzi otsika nthawi imodzi timaidziwa. Kumbuyo kwa midzi yathu kuli mapiri otsetsereka. Mvula ikagwa kumtunda, mtsinje wa Lunho ukhoza kudzaza ngakhale kugombe sikunagwe dontho. Kumene mitengo inadulidwa ndiponso tchire linatenthedwa, nthaka siisunga madzi, ndipo amatsika mofulumira.

Nayonso nyanja imakwera. Mitsinje yambiri imathira madzi m'nyanjayi, koma wotulutsa ndi umodzi wokha, Shire. Pambuyo pa namondwe Freddy wa mu 2023 ndi mvula ya chaka chotsatira, nyanja inakwera kwambiri mu 2024, ndipo madzi analowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mphepete. Madzi akakwera chonchi satsika msanga. Mwera ukayamba, mafunde amafika pamalo pamene kale sankafika.

Chenjezo ndi ufulu wanu

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Boma lili ndi maofesi awiri amene ntchito yawo ndi kutitsina khutu. INAM imayeza nyengo ndi kulengeza za mphepo ndi mvula. INGD imakonzekeretsa anthu ndi kuthandiza pakagwa ngozi. M'midzi yambiri INGD imagwira ntchito ndi makomiti a anthu a m'mudzi momwemo, amene amapereka uthenga ndi kusonyeza malo othawirako.

Machenjezo amamveka pa Rádio Moçambique, imene ku Niassa imaulutsanso mawu m'Chinyanja. Pa nkhani ya namondwe pali mitundu itatu yofunika kuidziwa. Mtundu wa buluu ukutanthauza kuti namondwe akhoza kufika pakati pa maola 24 ndi 48. Wachikasu ukutanthauza kuti akhoza kufika m'maola 24. Wofiira ukutanthauza kuti watsala ndi maola 6, kapena wafika kale.

Kumva chenjezo si mwayi wa anthu a ku Lichinga kapena ku Metangula okha. Ngati m'mudzi mwanu mulibe komiti, funsani amfumu kapena akuluakulu a ku posto. Ngati komiti ilipo, dziwani mayina a anthu ake ndi malo othawirako amene anasankha.

Zoyenera kuchita

Asodzi, mverani wailesi musanalowe pamadzi. Nyanja ikagona pakati pa chisanu, musapite kutali ndi gombe. Uzani a kunyumba kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Tengani chokapira madzi ndi chinthu choyandama, monga chigubu chotseka bwino. Kummwera kukayamba kuda, kokani ukonde, bwererani.

Apaulendo, musakwere boti lodzaza kwambiri. Woyendetsa akanena kuti lero sitipita, musamukakamize. Katundu akhoza kudikira mawa.

Pakhomo, onani denga mphepo isanabwere. Khomani malata amene akugwedera, ndipo mangani udzu ndi luzi lolimba. Dulani nthambi zouma zimene zili pamwamba pa nyumba. Usiku kokerani bwato kumtunda ndithu. Khalani ndi pepala la pulasitiki lofunditsira usipa, makaka ndi chimanga. Ziphaso, makhadi akuchipatala ndi mabuku a ana muziike m'thumba losalowa madzi.

Musawoloke mtsinje umene wasanduka matope ndipo ukuthamanga. Dikirani uphwe. Madzi akalowa m'zimbudzi kapena m'zitsime, wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo Certeza. Kumbukirani kuti kolera imene inavuta dziko lathu inayamba ku Lago mu Sepitembala 2022, mvula isanayambe n'komwe. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, mpatseni madzi abwino ndipo pitani naye kuchipatala msanga.

Kukhala pagombe tsiku limene nyanja ikuoneka yabwino n'kovuta, makamaka ana akamafunsa ndiwo. Koma usipa umabweranso. Banja limene lataya bambo, bwato ndi ukonde usiku umodzi limavutika kwa zaka zambiri.

Mafunso okambirana m'kalasi

Kodi akuluakulu a kwanu amaona zizindikiro zotani mwera ukamabwerera? Ndani m'mudzi mwanu ali ndi wailesi, ndipo uthenga ungawafike bwanji asodzi amene ali kale kugombe? Madzi atalowa m'nyumba mwanu usiku, mungathawire kuti? Lembani mayankho anu m'kope, ndipo mukawawerengere a kunyumba.