Kompyuta m'kati mwa kompyuta: pophunzirira chitetezo cha pa intaneti

M'mwezi wa February 2024, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali adalowerera makina osindikizira ziphaso zoyendera ndipo ankafuna dipo. Ntchito yopereka ziphasozo idaima kwa masabata angapo. Nkhaniyi idaonetsa poyera kuti dziko lino likufunika anthu odziwa kuteteza makompyuta, luso lomwe munthu angayambe kuliphunzira ngakhale akukhala kwa Chikweo m'boma la Machinga, bola akhale ndi laputopu.

Ophunzira ambiri amayambira pa Kali Linux. Iyi ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga alili Windows, koma idapangidwira ntchito yofufuza mipata yomwe mbava zingalowere. Kampani ya Offensive Security idaitulutsa mu March 2013 ndipo ndi yaulere. Imabwera ndi zida mazanamazana, kuphatikizapo Nmap, yomwe imaonetsa makomo otsekula pa kompyuta, ndi Wireshark, yomwe imaonetsa zomwe zikudutsa pa netiweki.

Vuto n'lakuti kumadera ngati kwa Chikweo, laputopu imodzi ndiyo imagwira zonse: kutayipa makalata a anthu, kusunga zithunzi za ukwati, kuikira makasitomala nyimbo. Woika Kali mwachindunji akangolakwitsa posankha mbali ya disiki, Windows ndi zonse zili m'menemo zimafufutika. Apa ndi pomwe virtual machine imathandiza. Ndi kompyuta yongoyerekeza yomwe imatsekuka ngati zenera m'kati mwa kompyuta yeniyeni, n'kubwereka gawo la mphamvu zake. Ikaonongeka, chaonongeka ndi fayilo chabe.

Choyamba ndi kuika VirtualBox, pulogalamu yaulere ya kampani ya Oracle. Kenaka munthu amatenga Kali yokonzedweratu ya VirtualBox pa tsamba la kali.org, osati kwina kulikonse. Fayiloyi ndi yaikulu pafupifupi 3GB, ndipo bandulo ya pa foni siichedwa kutha nayo. N'chanzeru kuti mmodzi akaikopere komwe intaneti ili yamphamvu, kaya ku Liwonde kapena ku Balaka, ena n'kumagawana pa fulashi. Koma fayilo yodutsa m'manja ambiri siyodalirika, choncho aliyense ayerekeze nambala yake ya SHA256 ndi yomwe ili pa tsambalo. Zikasiyana ngakhale pa chilembo chimodzi, fayiloyo ndi yotaya.

Akaimasula ndi 7-Zip, amaitsekula mu VirtualBox n'kuipatsa RAM yosachepera 2GB. Laputopu ya 8GB imanyamula katunduyu bwinobwino. Ya 4GB imayenda, koma mokwawa. Ikakana kuyaka, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chakuti VT-x kapena AMD-V ndi yozimitsa mu BIOS, ndipo kuiyatsa ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Dzina lolowera ndi mawu achinsinsi onse ndi "kali". Dziko lonse limadziwa zimenezi, motero ayenera kusinthidwa tsiku lomwelo.

Asanayambe kuyesa zida, wophunzira atenge snapshot, chomwe ndi chithunzi cha momwe kompyuta yoyerekezayo ilili panthawiyo. Magetsi akathima mwadzidzidzi kapena iye akasokoneza zinthu, amabwerera pomwe adajambulapo osayambiranso kukopera.

Gawo lomwe ambiri amalinyozera ndi la netiweki, chonsecho m'pomwe pagona nkhani. Zida za Kali zimafuna poziyesera, ndipo poyesera poyenera ndi kompyuta yoyerekeza yachiwiri monga Metasploitable, yomwe idapangidwa dala ndi mipata yambiri kuti anthu aziphunzirirapo. Ziwirizi ziikidwe pa Internal Network kapena Host-only kuti zizilankhulana zokhazokha. Kuika Metasploitable pa Bridged n'kuisiya pabwalo, pomwe aliyense wogwiritsa ntchito Wi-Fi yomweyo angailowe.

Mpanda wa virtual machine umateteza laputopu, koma suteteza mwini wake ku lamulo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta kapena mu netiweki ya wina popanda chilolezo. Wophunzira yemwe waloza Nmap ku makina a banki, a sukulu kapena a ofesi ya boma pongofuna kuona ngati chidacho chikugwira, angadzipalire mlandu. Akatswiri olembedwa ntchito yoyesa chitetezo cha makampani sayamba asanalandire chilolezo cholembedwa, chotchula makina omwe aloledwa kukhudza komanso masiku ake.