Musawatenthere ana zojambula zawo

Mwezi wathawu ndinapita kwathu ku Ntaja, m'boma la Machinga, kukaona anthu. Ndisanamwe n'komwe madzi, mlongo wanga anayamba kundipatsira madandaulo.

"Achimwene, mphwanu uyu watha mutu. Akangoweruka kusukulu ntchito n'kujambula tianthu ta maso akuluakulu ngati kadzidzi. Agogo ake akuti ndi ziwanda. Zina ndasonkhezera moto dzana."

Ndinamuitana mnyamatayo, yemwe ali Fomu 2. Anabwera akunjenjemera, atanyamula katoni momwe munali mapepala amene anapulumuka. Nditaona ndinangoti kukamwa yasa. Munali Goku wa tsitsi losongoka uja, munali Naruto, anthu a m'makatuni a ku Japan otchedwa anime, omwe ana amakaikitsa pa memori khadi kwa anyamata obena mafilimu pa Liwonde. Onse anawapenta ndi penti wa madzi, wa m'kachitini kotchipa kamene anagula pa Balaka atagulitsa nandolo.

"Amalume, pentiyu safuna phuma," anatero. Anandionetsa kuti amayamba ndi pensulo, kenaka mitundu yowala, yakuda pomalizira, chifukwa ukadetsa sungayeretsenso. Pofunika kuyera amasiya pepala osaligunda. Akafuna mtambo amayamba wanyowetsa pepala kuti penti ayende yekha. Vuto lake ndi lakuti kwathu kuno n'kotentha, penti amauma burashi isanafike kumapeto, ndipo pepala la m'kope likanyowa limakwinyika ngati chikopa cha mbuzi.

Tsono a Malawi anzanga, tiyeni tifunsane. Mwana woti amakhala maola awiri phee, kudikira pepala liume, osapita ku bawo kapena kokalawa kachasu, ameneyo n'kumati watha mutu? Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kumeneku n'kumene timadandaula kuti ana a masiku ano alibe.

Ena anena kuti kumeneko n'kukopera chabe za eni. Inde n'kukopera, koma ndani anaphunzira luso osakopera? Telala amayamba n'kusolola malaya akale kuti aone kadulidwe kake. Ngakhale Akira Toriyama, yemwe anayamba Dragon Ball mu 1984 ndipo anamwalira mu 2024, Goku wakeyo anamutenga m'nthano yakalekale ya ku China ya mfumu ya anyani.

Komabe mphwangayo sindinangomuyamikira ayi. Pa mapepala onse aja panalibe ngakhale chimodzi cha kwathu. Phiri la Chikala limene amaliona tsiku ndi tsiku panalibe. Shire pa Liwonde panalibe, mlambe panalibe, ngakhale nkhope yakuda panalibe. Apa ndiye pamene pali nkhani, osati pa ziwanda.

Ndinamuuza za Hayao Miyazaki, katswiri wa makatuni a ku Japan, yemwe maganizo a filimu amayamba wawajambula ndi pensulo ndi penti wa madzi womwewu. Filimu yake ya My Neighbor Totoro ya mu 1988 anaikamo minda ya mpunga, timisewu ta fumbi ndi nkhalango za kumudzi kwawoko. Sanachite manyazi ndi kwawo, ndipo dziko lonse linamuombera m'manja mpaka kupata mphotho ya Oscar mu 2003 ndi filimu ina, Spirited Away.

Konkuno kwathu chitsanzo chilipo. Pa Mua m'boma la Dedza, kumene munthu wochokera pa Balaka amafika dzuwa lisanapendeke, bambo Claude Boucher a ku Canada anatsegula malo a zaluso a KuNgoni mu 1976. Iwowa anajambula zilombo za gule wamkulu zambirimbiri ndi penti wa madzi, ndipo osema ndi ojambula ambiri anaphunzira luso pamalopo n'kumadyera momwemo. Mlendo anaona kuti zathu n'zoyenera kujambulidwa. Nanga ife eni ake tikudikira chiyani?

Pempho langa kwa makolo ndi ili: musatenthe. Mukatentha pepala mwana saleka kujambula, amangoleka kukuonetsani. Kwa aphunzitsi a Expressive Arts ndikuti, phunziroli lisathere pa bolodi, ana agwireko burashi ngakhale kamodzi pa teremu. M'mera mpoyamba.

Pobwerera ndinatsika pa Balaka, ndinagula mapepala okhuthala khumi ndi burashi ziwiri, n'kupatsira kondakitala wa minibasi wodziwana naye. Ndinaikamo kakalata: asanu ujambule Goku wakoyo mmene ungafunire, asanu enawo ndikufuna za kwathu.

Sabata yatha pepala loyamba lafika. Ndi mayi ali pa mjigo, chitenje chofiira, Chikala kumbuyo kwake. Maso ndi akuluakulu ndithu ngati a ku Japan, koma mphumi ndi kaimidwe ndi ka mlongo wanga, amene anasonkhezera moto uja. Ndamva kuti chinzake achikhoma pabalaza, ndipo agogo aja ayamba kufunsa kuti iwo awajambula liti.