Mwini Pathupi Afunsidwe Poyamba

Tamverani mbiri ya mai wina wa ku Italy, dzina lake Gianna Beretta Molla, amenenso adali dotolo wa ana. M'chaka cha 1961, ali ndi pathupi pa miyezi iwiri pa mwana wake wachinayi, madotolo adapeza chotupa m'chiberekero mwake. Iwo sadambisire kanthu ai, koma adamuuza poyera njira zitatu: kuchotsa chotupa pamodzi ndi mwana, kuchotsa chiberekero chonse, kapena kuchotsa chotupa chokha ndi kusiya mwana, ngakhale njira yotsirizayi idali yoopsa kwa iye mwini.

Eklezia sadamletse kuchotsa chiberekero chodwalacho, pakuti kuchiza nthenda yoopsa si kupha mwana dala. Koma iye, atamvetsa zonse, adasankha yekha njira yachitatu. Mwana wamkazi adabadwa wamoyo pa 21 April 1962, koma mai adadwala nthenda ya mafinya m'mimba, namwalira pa 28 April, ali ndi zaka 39. Papa Yohane Paulo Wachiwiri adamlemba m'gulu la oyera mu 2004.

Tsono phunziro lake nlotani? Sitinena kuti mai aliyense afunefune imfa, iai. Tinena kuti adauzidwa zoona, ndipo mau otsiriza adali ake.

Kwathu kuno kawirikawiri sizitero. Mai akavutika pobereka, ena amamkakamiza kuulula amuna, nachedwa kumtengera ku chipatala kufikira mwinimbumba atalola. Ichi ncholakwa. Kuchedwa kwa mwana sikuchokera ku chigololo, koma mwina njira njopapatiza, mwina mwana wagona mopingasa.

Inu amai, adotolo akati mpofunika opaleshoni, funsani m'chinenero chanu: Mwapeza chiani? Ndikalola, choopsa nchiani? Nanga ndikakana? Musadinde chala pa pepala musanamvetse, pakuti safunsa adadya phula.

Inu abambo ndi amalume, perekezani, limbikitsani, koma musayankhe m'malo mwa munthu ali maso ndi nzeru zake. Ndipo mukaona wapakati akutaya magazi, akutupa nkhope ndi manja, akumva mutu waukulu kapena akukomoka, musaitane bwalo. Thamangani naye ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Moyo wa mai ndi wa mwana, yonse iwiri Mulungu adzatifunsa.